Besi ikamabwerera m'singano: kuyerekeza njira zolekanitsira turntable ndi subwoofer

Mbale ya nyimbo ikuzungulira, nyimbo ikumveka bwino, inu n'kukweza voliyumu pang'ono. Pansi pa nyimboyo pakuyamba kutuluka kulira kwa "wuuu" kumene kukukulirakulira pakokha, mpaka mukuthamangira kukatsitsa sipika isanang'ambike. Ambiri amene analumikiza subwoofer (sipika ya besi) ku turntable (makina oimbira mbale) anakumanapo nazo. Kwa ena sizifika poti wuuu, koma besi imangodzadza chipinda osamveka mutu wake: ng'oma ikagunda mawu ake amachedwa kutha, pamene nyimbo yomweyo mukaiika pa CD kapena pa foni kudzera m'masipika omwewo imamveka bwinobwino. Anthu amafulumira kuimba mlandu singano, ampulifaya kapena mbale yakale. Kawirikawiri palibe chimene chaonongeka.

Singano inapangidwa kuti izimva kugwedezeka kochepetsetsa, ndipo sisankha. Kaya kugwedezekako kwachokera mumzere wa mbale, kaya kwachokera m'tebulo, katiriji, kachipangizo konyamula singano, imakusandutsa magetsi chimodzimodzi. Magetsiwo ndi ochepa zedi: katiriji ya mtundu wa MM imatulutsa mamilivoti 3 mpaka 5, ya MC nthawi zambiri sipitirira theka la milivoti imodzi. Phono preamp, kachipangizo kokhala pakati pa turntable ndi ampulifaya, imawakuza pafupifupi ka 100 pa MM ndi ka 1,000 pa MC. Kuwonjezera apo pali dongosolo la RIAA limene makampani a mbale anagwirizana mu 1954: podula mbale besi amaichepetsa dala kuti mizere isadye malo, ndipo poimba preamp imaibwezera, n'kukweza mawu a pa 20 Hz ndi pafupifupi 20 dB poyerekeza ndi a pa 1,000 Hz (Hz imayeza frikwensi, kutsika kapena kukwera kwa mawu; dB imayeza kukula kwake). Choncho mawu otsika, omwewo amene subwoofer imatulutsa ndi mphamvu, ndi amenenso makina anu amawakuza koposa. Subwoofer igwedeza nyumba, nyumba igwedeza turntable, singano imva, ampulifaya ikuza, subwoofer igwedezanso kuposa poyamba. Ndi feedback yomwe ija imachitika mayikolofoni ikayandikira sipika, kungoti pano mayikolofoni yake ndi turntable yonse.

Kugwedezekako kumadutsa njira ziwiri. Ina ndi ya zolimba: bokosi la subwoofer, pansi pa nyumba, miyendo ya kabati, kenako turntable. Ina ndi ya mpweya, pamene mawu enieniwo akukankha chivundikiro, thupi la turntable ndi mbale yomwe. Zinthu zambiri zogulitsidwa zimatseka njira imodzi yokha, ndipo munthu akagula chotseka njira imene besi yake sikudutsako, ndalama zimapita koma wuuu n'kutsala.

Musanagule kanthu

Pali mavuto atatu amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi kulira kosasintha kwa "mmmm" kumene kulipo ngakhale singano ili m'mwamba. Kumeneko ndi kwa magetsi, pa 50 kapena 60 Hz malinga ndi magetsi a dziko limene muli, ndipo pofunika kuyang'ana ndi pa kawaya ka ground ndi zingwe. Labala ndi shelefu sizingakuthandizeni. Lachiwiri mumaliona ndi maso kuposa kulimva: cone ya subwoofer, gawo la sipika limene limakankha mpweya, ikulowa ndi kutuluka kwambiri, pang'onopang'ono, ngakhale pamene nyimbo ili zii. Gwero lake ndi mbale yopindika ndi kudumphadumpha kwa mkono wa turntable, pa mafrikwensi otsika kuposa amene khutu limamva. Lachitatu ndi feedback yeniyeni, imene imakula ndi voliyumu ndipo imatha nthawi yomweyo mukanyamula singano.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Imitsani mbale kuti isazungulire, ikani singano pamwamba pake, ndipo kwezani voliyumu pang'onopang'ono dzanja lili pabatani lomwelo. Gogodani shelefu ndi chala. Mukamva "du" n'kutha, zili bwino. Mukamva "duuu" wokoka mchira, mwayandikira malire. Lembani pamene batani lafika. Chizindikiro chimenecho ndicho mudzayezera china chilichonse chimene mudzasinthe, ndipo muzisintha chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

Kuti mudziwe njira, kwezani subwoofer pa khushoni yokhuthala kapena pa bulangete lopindidwa kangapo, muyesenso. Malire aja akakwera ndithu, besi ikudutsa pansi. Akakhala pomwepo, vulani chivundikiro cha turntable n'kuyesanso. Ngati tsopano akwera, ikudutsa mumpweya. M'nyumba zambiri njira zonse ziwiri zilipo, koma imodzi ndiyo imatsogolera.

Kusuntha

Njira iyi sifuna ndalama, ndipo ine ndimaiika patsogolo pa zonse. Choyamba sichifunanso kukambirana: turntable isakhale pa kabati imodzi ndi sipika iliyonse, ndipo subwoofer isakhudze kabatiyo. Chachiwiri n'chimene ambiri sachiyembekezera. Ndi besi, kutalikirana pakokha si nkhani yaikulu. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kotero funde limodzi la 40 Hz ndi lalitali mamita 8.6, kuposa zipinda zambiri. Mafunde otere amagunda makoma n'kubwerera, ndipo amaunjikana m'malo ena n'kuzimirira m'malo ena. Chipinda chotalika mamita 5 chimakuza chokha mawu a pafupi ndi 34 Hz. Pamene amaunjikana kwambiri ndi m'makona. Mukhoza kuchotsa turntable pafupi ndi subwoofer n'kukaiika kukona ya mbali ina, mamita anayi kutali, zinthu n'kuipiraipira.

Ikani nyimbo ya besi yambiri kuchokera pa foni, yendani m'mbali mwa makoma khutu lili pa msinkhu wa turntable, ndipo mudzamva nokha pamene besi ikuchepa. Pamenepo ndi pamalo pa turntable. Nthawi zina theka la mita limakwanira.

Ngati pansi pa nyumba yanu ndi pa matabwa, pali chinanso. Matabwawo agona pa mitanda, ndipo mtanda umodzi umanyamula kugwedezeka kuchokera kumapeto ena kufika kumapeto ena. Turntable ndi subwoofer zisakhale pa mtanda umodzi, ndipo turntable ikhale pafupi ndi khoma kumene mitanda yatsamira, osati pakati pamene pansi pamanyenyeka.

Kuvuta kwa kusuntha ndi zingwe. Musatalikitse chingwe chochokera ku turntable kupita ku phono preamp. Chimanyamula magetsi ofooka, chimatola phokoso, ndipo pa katiriji ya MM chingwe chachitali chimasintha kamvekedwe ka mawu okwera. Samutsani preamp pamodzi ndi turntable, kenako mutalikitse chingwe chochokera ku preamp kupita ku ampulifaya. Kuvuta kwina n'kwakuti malo amene subwoofer imamveka bwino kwa womvetsera sangakhale amene turntable ingawakonde. Zikatero, subwoofer isiyeni, musunthe turntable.

Shelefu ya pakhoma

Kwa amene pansi pawo ndi pa matabwa, palibe njira ina imene ndingaiyerekeze ndi iyi. Simukuchepetsa kugwedezeka kwa pansi, mukungochokapo. Kudumpha kwa singano munthu akamayenda m'chipinda kumathera pomwepo. Khoma lake likhale la njerwa kapena la konkire, lonyamula nyumba. Khoma la mabolodi opyapyala logawa zipinda limanjenjemera ndi besi kuposa pansi pomwe, ndipo shelefu yapamenepo ikhoza kukulitsa vuto. Ngati mulibe lina, mangani m'mitengo ya m'kati mwa khomalo, osati m'bolodi. Shelefuyo ikhale yolimba, yosapindika, ndipo muiyeze ndi levulo.

Amene pansi pawo ndi pa simenti yogona panthaka apindula pang'ono, chifukwa simenti yotere sigwedezeka kwenikweni. Vuto lawo limakhala kabati yopepuka yopanda kanthu m'kati, kapena mpweya. Ndipo wokhala m'nyumba ya lendi, amene saloledwa kuboola khoma, ayenera kuona njira yotsatirayi.

Zofewa pansi pa turntable

Apa ndi pamene pali malonda ambiri ndi chisokonezo chambiri, koma lamulo lake ndi limodzi. Chinthu cholemera chikakhala pa chofewa, ziwirizo zimakhala ndi frikwensi yake imene zimadumphira. Pa frikwensi imeneyo kugwedezeka kumakula, sikuchepa. Kuchepa kumayamba mukapitirira frikwensiyo ka 1.4, ndipo kumanka kukulirakulira mukamakwera. Frikwensiyo mukhoza kuiyerekeza poona mmene chofewacho chatsikira mutachisenzetsa katundu. Chikatsika milimita imodzi, ili pafupi ndi 16 Hz. Chikatsika sentimita imodzi, ili pa 5 Hz. Chikatsika masentimita 2.5, ili pa 3 Hz.

Taonani tanthauzo lake pa besi ya 40 Hz. Kalabala kopyapyala kotsika milimita imodzi kamalola pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 kudutsa, ndipo pa 25 Hz kamalola zoposa theka. Sipuling'i yotsika sentimita imodzi imalola gawo limodzi mwa magawo 60 okha. Ziwerengero zimenezi ndi za papepala, kutchinga kwenikweni kumacheperako, koma kusiyana kwake kukuonekeratu. N'chifukwa chake timapadi tolimba tambiri timene timagulitsidwa ngati toletsa kugwedezeka sitichita kanthu pa subwoofer. Chinthu chimene sichitsika mukachisenzetsa katundu sichingatchinge besi.

Mapazi a Sorbothane, chinthu chofewa ngati labala, ndi ena a mtundu wake ali pakatikati. Ubwino wawo ndi woti amameza kugwedezeka, sadumphadumpha, ndipo n'ngosavuta kuika. Koma ayenera kugwirizana ndi kulemera kwa turntable yanu. Amabwera m'makulidwe ndi kulimba kosiyanasiyana, ndipo lililonse lili ndi makilogalamu amene linapangidwira. Lolimba kwambiri silitsika. Lofewa kwambiri limaphwanyika n'kukhala ngati palibe. Yezani turntable pa sikelo musanagule, ndipo kumbukirani kuti mbali ya mota imalemera kuposa inayo.

Masipuling'i amatsika kwambiri pa frikwensi, motero amatchinga besi bwino kuposa labala. Kuipa kwawo ndi kudumpha. Pa nyumba ya matabwa, mapazi a munthu woyenda amagwedeza pansi pa mafrikwensi otsika omwewo amene sipuling'i imadumphira, ndiye mumathetsa wuuu koma singano n'kuyamba kulumpha mizere. Pa simenti ndi abwino kwambiri.

Njira imene ndimaikonda chifukwa cha kutsika mtengo ndi mphamvu yake ndi ya mwala pa chofewa. Mutenga silabu ya konkire, ya mwala, kapena thabwa lokhuthala lolemera, n'kuligoneka pa chubu cha njinga yaing'ono chopopedwa pang'ono chabe, kapena pa timipira ta squash. Turntable ikhala pamwamba. Ma DJ a m'makalabu, amene besi yawo ndi yoopsa kuposa ya m'nyumba iliyonse, akhala akugwiritsa ntchito masilabu ndi timipira totere kwa zaka zambiri. Kulemera kwa silabu kumatsitsa frikwensi, komanso kumapangitsa kuti mpweya uvutike kugwedeza chonsecho, kotero imathandizako pa njira zonse ziwiri. Chubu chimaphwa pang'onopang'ono ndipo muyenera kumayang'ana levulo; timipira timaphwanyika pakapita nthawi n'kufuna kusintha. Kabati yanunso ikhale yotha kusenza katunduyo.

Mwala wokha, wopanda chofewa pansi pake, sulekanitsa kanthu. Pansi pakagwedezeka nawo ugwedezeka. Chimodzimodzi misomali ija yosongoka ya pansi pa makabati ndi masipika: ntchito yake ndi kumangirira chinthu pansi kuti chisasunthe. Pa simenti ili ndi phindu. Pa matabwa imapereka kugwedezeka konse kwa pansi molunjika.

Pali misampha iwiri. Mkono ndi katiriji nazonso zili ndi frikwensi yake yodumphira, imene opanga amafuna ikhale pakati pa 8 ndi 12 Hz, pamwamba pa kupindika kwa mbale koma pansi pa nyimbo. Chofewa chanu chikamadumphira pa frikwensi yomweyo, mwawonjezera moto. Khalani pansi pake, cha ku 5 Hz kapena kucheperapo. Msampha wachiwiri ndi wa ma turntable amene ali kale ndi masipuling'i m'kati, monga Linn Sondek LP12 ndi ma Thorens ambiri akale. Kuika sipuling'i pansi pa sipuling'i ina kumapangitsa ziwirizo kulimbana. Oterewa amafuna tebulo lopepuka lolimba kapena shelefu ya pakhoma, basi.

Zofewa pansi pa subwoofer

Kuyesa kwa khushoni kuja kukakuonetsani kusintha, apa ndi poyambira pabwino, chifukwa mukutseka pa gwero. Pali mapulatifomu a thovu lolimba ngati Auralex SubDude, mapazi a labala ngati a SVS SoundPath, ndi a IsoAcoustics. Silabu pa timipira imagwiranso ntchito. Phindu lake limapitirira turntable: mawindo ndi ziwiya za m'kabati zimachepa kulira, ndipo wokhala m'nyumba ya pansi panu amapumako. Lamulo la kutsika lija ndi lomwelo.

Musayembekezere zoposa apo. Mapazi amachotsa kugwedezeka kwa bokosi, koma mawu amene atuluka mumpweya amagwedezabe pansi ndi makoma paokha. Ngati mukuganiza zogula subwoofer ina, ya masipika awiri oyang'ana mbali zosiyana, monga KEF KC62 kapena SVS 3000 Micro, bokosi lake siligwedezeka kwenikweni chifukwa kukankha kwa sipika ina kumafafanizidwa ndi inzake. Komanso subwoofer yotsekedwa imapirira mbale zopindika kuposa ya bowo, chifukwa ya bowo, mawu akatsika kupitirira frikwensi imene bowolo linakonzedwera, cone yake imasowa chouletsa n'kumangopupa.

Fyuluta

Subsonic filter imadula mawu a pansi pa 15 kapena 20 Hz. Ma phono preamp ambiri ali nayo pa batani, ndipo mu 1976 bungwe la IEC linawonjezera kudula kotere, kofatsa, pa dongosolo la RIAA, ngakhale si opanga onse anakutsatira. Pa vuto lachiwiri lija la cone yolowa ndi kutuluka, fyuluta ndiye yankho lenileni. Imapulumutsa sipika ndi mphamvu ya ampulifaya, ndipo ine ndimaona kuti aliyense woimba mbale pa subwoofer ayenera kukhala nayo. Amene amaopa kuti iwononga nyimbo akumbukire kuti pa mbale zambiri palibe nyimbo pansi pa 20 Hz, pali kupindika ndi phokoso la makina basi.

Koma wuuu wa pa 40 kapena 60 Hz fyuluta imeneyi siumukhudza, chifukwa ali m'kati mwa nyimbo. Ambiri amagula fyuluta n'kukhumudwa pa chifukwa chomwechi. Pali mtundu wina wanzeru, umene umaphatikiza besi ya kumanzere ndi ya kumanja kukhala imodzi. Singano ikagwedezeka chokwera ndi chotsika, mbali ziwirizo zimatulutsa magetsi otsutsana, ndiye zikaphatikizidwa zimafafanizana. Besi ya nyimbo sitayika kwenikweni, popeza odula mbale amaiika kale pakati. Kugwedezeka kochokera pansi nthawi zambiri kumakhala kokwera ndi kotsika, choncho mtundu uwu umathandizako ngakhale pa feedback.

Mabatani a subwoofer

Ndinene chinthu chimene ambiri sakonda kumva: ma subwoofer ambiri m'nyumba amakwezedwa mopitirira. Ngati mukutha kuloza pamene subwoofer ili mutatsinzina, yakwera kwambiri, kapena crossover yake, malire a mawu okwera amene imaloledwa kutulutsa, ili pamwamba. Yesani 80 Hz kapena kucheperapo. Kutsitsa ndi 3 dB kokha kukhoza kukuchotsani m'mphepete mwa feedback. Batani la phase, la 0 ndi 180, lotembenuza kakankhidwe ka cone, liyeseninso, ngakhale nthawi zina limangosamutsira kulirako pa frikwensi ina.

Njira yabwino koposa pa vuto la mpweya ndi kupeza frikwensi imodzi imene chipinda chikuikuza n'kuidula yokhayo. Feedback imayambira pansonga yotere nthawi zambiri. Pulogalamu yaulere ya REW ndi mayikolofoni yoyezera ngati UMIK-1 zidzakuonetsani nsongayo, ndipo kabokosi ka DSP, kokonza mawu mwa digito, kapena EQ, chokwezera ndi kutsitsira mafrikwensi, ya m'kati mwa subwoofer ngati ili nayo, kadzaidula. Besi imamveka bwino pa nyimbo zonse, osati za pa mbale zokha. Amene safuna kuti mawu a mbale adutse m'makina a digito asade nkhawa: DSP ikhale pa chingwe chopita ku subwoofer chokha, masipika aakulu alandire mawu osakhudzidwa. Pamafunika kuleza mtima kuti muphunzire pulogalamuyo, koma pa chipinda cha simenti chimene kusuntha kwalephera, iyi ndiyo ndingasankhe ndisanagule mapazi amtundu uliwonse.

Chivundikiro chotsegula, choima chilili, chimakola besi yonse n'kuipereka ku thupi la turntable kudzera m'mahinji. Chivuleni poimba. Ngati sichivuka, kutseka kumaposa kusiya chotsegula pa ma turntable ambiri, koma yesani ndi chizindikiro chanu chija. Kilampu yopanikiza mbale ndi mati yabwino zimathandiza pang'ono, pa mbale yopindika makamaka, koma sizingathetse wuuu.

Nanga kugula turntable ina? Kusiyana kulipo ndithu. AR XA ya mu 1961 inapachika chozungulitsa mbale ndi mkono pa masipuling'i pofuna kuthana ndi vuto lomweli. Technics SL-1200MK2 ya mu 1979, yolemera makilogalamu pafupifupi 12 ndi pansi pake pa labala, inatchuka m'makalabu mwa zina chifukwa chopirira besi. Rega inasankha thupi lopepuka lolimba, ndipo imagulitsa yokha mashelefu a pakhoma, kusonyeza kuti mapangidwe otere amadalira pokhala pabwino. Turntable ya pulasitiki yopanda kanthu m'kati idzavutabe kuposa zonsezi. Komabe iyi ndi njira yodula kuposa zina zonse, ndipo turntable yabwino yoikidwa pakona, pa kabati yopepuka, pa matabwa, idzalira chimodzimodzi. Ngati mwayesa zina zonse ndipo mumakonda voliyumu yokwera zedi, kuli bwino kutulutsa turntable ndi preamp yake m'chipindamo, kuziika kuseri kwa khoma, n'kudutsa ndi chingwe chachitali kupita ku ampulifaya.